Matira Manisha: Munda Umene Bambo Anati Usagawidwe

Mlimi wokalamba, Shama Pradhan, ataona kuti imfa yayandikira, anaitana mwana wake wamkulu Baraju n'kumusiyira mawu awiri: asamale mng'ono wake Chhakadi, ndipo asadzalole kuti munda ndi nyumba zigawidwe pakati pa awiriwo. Pa mawu amenewa mpamene patsamira nkhani yonse ya Matira Manisha, filimu ya m'Chiodia imene Mrinal Sen anatulutsa mu 1966. Ku Odisha, kwawo kwa nkhaniyi, Baraju amakumbukiridwa ngati mkulu wa banja weniweni, munthu amene analolera kusiya zonse m'malo moswa mawu a bambo ake. Kumukumbukira motero si kulakwa, koma n'kuona mbali imodzi yokha. Chimene ndikufuna kuonetsa m'nkhani ino n'chakuti mphamvu ya filimuyi ili pa chinthu china chowawa kuposa ubwino wa Baraju: munthuyu anapulumutsa munda n'kutaya banja limene mundawo unkayenera kudyetsa, ndipo amene anasenza katundu wa ubwino wakewo ndi anthu oti sanafunsidwe n'komwe. Nkhani za kumudzi zikamakambidwa ndi anthu a m'tauni, kawirikawiri zimasanduka kulira kale labwino, m'mene woipa amakhala mmodzi wodziwikiratu ndipo ena onse alibe mlandu. Matira Manisha ili ndi zonse zoti ikanakhala nkhani yotero, koma ukaiyang'anitsitsa imakana.

Odisha ndi chigawo cha kum'mawa kwa India, m'mphepete mwa nyanja ya Bay of Bengal, ndipo mpaka 2011 dzina lake linkalembedwa kuti Orissa. Chigawochi chinakhazikitsidwa pa 1 Epulo 1936, Angerezi akulamulirabe, anthu olankhula Chiodia atadandaula kwa zaka zambiri kuti anamwazidwa m'zigawo za eni ndipo chilankhulo chawo chikupanikizidwa m'masukulu ndi m'makhoti. Chaka chomwecho kunatuluka filimu yoyamba ya m'Chiodia, Sita Bibaha, ya Mohan Sundar Deb Goswami. Kwa nthawi yaitali pambuyo pake mafilimu a m'chilankhulochi anali owerengeka, ndipo opanga ake ankadalira zipangizo ndi akatswiri a ku Calcutta. Buku limene filimu yathuyi inachokera, lomwenso dzina lake ndi Matira Manisha, kutanthauza munthu wa nthaka, linalembedwa ndi Kalindi Charan Panigrahi, amene anabadwa mu 1901 n'kumwalira mu 1991. Linatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, nthawi imene chiphunzitso cha Gandhi cha kudzimana ndi kusabwezera chinali chitafika m'midzi yambiri ya India, ndipo Baraju ndi mwana wa nthawi imeneyo. Patapita zaka zoposa 30, Babulal Doshi anaika ndalama kuti bukuli likhale filimu ndipo ntchito yowongolera inaperekedwa kwa Mrinal Sen wa ku Calcutta. Sarat Pujari anasewera ngati Baraju, Prashanta Nanda, akadali mnyamata, anakhala Chhakadi, ndipo Dukhiram Swain anatenga mbali ya Hari Mishra. Filimuyi, yomwe zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera, inalandira mphoto ya dziko la India ya filimu yopambana ya m'Chiodia ya chaka chimenecho.

Nkhaniyi ikuchitikira m'mudzi wa Padhanpada, m'mbali mwa mtsinje wa Birupa, m'dera la Cuttack, kumene chakudya, ulemu ndi ngongole zonse zimayezedwa ndi mpunga. Baraju ndi wolimbikira, wofatsa, wosakonda milandu, ndipo mudzi wonse umamupatsa ulemu. Mkazi wake Harabou, kapena kuti make Hara, ndiye wagwira nyumba. Chhakadi ndi woyendayenda, ntchito ya kumunda siimukoka, mtima wake uli kunja kwa mudzi. Mkazi wake Netramani samvana ndi Harabou, ndipo mikangano ya m'nyumba ikukula tsiku ndi tsiku. Pambali pali Hari Mishra, munthu wochenjera amene amadyera pa milandu ndi pa mavuto a anzake. Iyeyu waona kuti abalewa akadana apezapo phindu, choncho akukolezera moto. Mapeto ake Chhakadi akupempha gawo lake. Baraju akavomera kugawa ndiye kuti waswa mawu a malemu, akakana ndiye kuti nkhani ipita kukhoti ndipo chibale chithera pomwepo. Akusankha njira imene palibe anaiyembekezera: kusiyira mng'ono wake munda wonse ndi nyumba yonse, iye n'kutenga mkazi ndi ana kuchoka pamudzi. Chhakadi atatsala ndi chuma chimene ankachilirira, chisoni chikumugwira, ndipo akulondola mkulu wake kukamupempha kuti abwerere. Baraju akukana, akumuuza kuti apite akasamale zimene zasiyidwa m'manja mwake.

Munthu wa ku Odisha akamaonera mathero amenewa amakhala akuwadziwa kale kuchokera kwina. Mu Ramayana, nthano yopatulika ya Ahindu imene Balarama Dasa anaiika m'Chiodia zaka pafupifupi 500 zapitazo, Rama akusiya ufumu wa Ayodhya kuti mawu a bambo ake Dasharatha asapite pachabe. Amene akuyambitsa zonse ndi mkazi, Kaikeyi, atanong'onezedwa ndi wantchito wake Manthara. Mng'ono wake wa Rama, Bharata, akumulondola kunkhalango kukamupempha kuti abwerere, Rama akukana n'kumubweza kuti akayang'anire dziko. Mawu a bambo, mkazi wansanje, wonong'oneza, mkulu wochoka, mng'ono wolira: zonse zilimo. N'chifukwa chake Baraju amakhudza mitima mwachangu chotero, pakuti oonera amamuveka ulemerero wa Rama asanayankhule n'komwe. Koma kufanana kumeneku n'kumenenso kumaonetsa pamene pali vuto. Rama anali mwana wa mfumu, ulendo wake unali ndi malire a zaka 14, ndipo mpando unkamudikira. Baraju ndi mlimi wa munda wochepa. Mlimi wa ku Cuttack wa nthawi imeneyo akasiya munda sankapita kunkhalango ya anthu oyera mtima, ankakhala waganyu m'munda wa wina, kapena ankakwera sitima kupita ku mafakitale a Calcutta. Chimene kwa mfumu chinali chiyeso cha kanthawi, kwa mlimi chinali kugwa kosadzukanso, iye pamodzi ndi ana ake.

Tiyeni tifunse chimene Shama Pradhan ankafuna. Nkhalamba siidera nkhawa nthaka chifukwa cha nthakayo, imadera nkhawa ana. Ankadziwa kuti Chhakadi payekha sangathe kulima, ndipo ankadziwanso kuti munda wogawidwa pawiri umakhala wosavuta kuugula kwa amene ali ndi ndalama. Kuletsa kugawa inali njira yake yoti ana ake azidya m'mbale imodzi, wamphamvu azinyamula wofooka. Tsono tikawerenga zimene zatsala kumapeto, tikupeza kuti munda uli wathunthu, palibe malire atsopano pakati pake, koma abale sakukhalanso pamodzi, wodziwa kulima alibe munda, ndipo munda uli m'manja mwa amene saudziwa. Ngati Hari Mishra ankafuna nthaka ya banja la Pradhan, palibe chimene chikanamuyendera bwino kuposa chimenechi, chifukwa tsopano m'malo molimbana ndi Baraju kuti apeze theka, watsala ndi Chhakadi yekha amene wagwira zonse. Pa mawu awiri aja, Baraju wasunga la munda, koma la kusamala mng'ono wake walitaya, pakuti kusamala munthu wosakhazikika si kumuunjikira chuma n'kumuchokera.

Chinthu china chimene okonda Baraju amachidumpha n'chakuti Chhakadi sanapemphe chachilendo. M'madera ambiri a India, Odisha pamodzi, chuma cha makolo m'mabanja a Chihindu chinkayendera malamulo a Mitakshara, ochokera m'buku la Vijnaneshwara la cha m'ma 1100. Malamulowa amati mwana wamwamuna amakhala ndi gawo m'chuma cha makolo kuyambira tsiku limene wabadwa, ndipo ali ndi ufulu wopempha kuti chigawidwe. Pamene chuma sichinagawidwe, chimayendetsedwa ndi mwamuna wamkulu wa pabanjapo, wotchedwa karta. Iyeyu ndiye amasunga ndalama, amagulitsa zokolola, amakongola m'dzina la banja, amaganiza za maukwati, ndipo sakakamizidwa kufotokozera ang'ono ake za ndalama iliyonse imene yatuluka. Karta akakhala wachilungamo ngati Baraju banja limayenda bwino, koma chilungamo chake sichisintha mfundo yakuti mng'ono ndi mwamuna wokwatira amene ayenera kupempha chilichonse kwa mkulu wake, ndipo adzakhala akupempha mpaka mkuluyo atamwalira. Timati Chhakadi ndi waulesi, ndipo ndi zoona kuti sakonda ntchito. Koma tiyeneranso kufunsa kuti ulesi wotere umamera pati. Munthu amene akudziwa kuti kaya alime kwambiri kaya alime pang'ono mbale yake ikhala yomweyo, ndipo kuti mawu ake pa zokolola alibe mphamvu, amafulumira kutaya mtima pa munda. Banja lokhalira pamodzi limateteza ofooka, ndipo ubwino umenewu ndi weniweni, komanso limatha kusunga munthu ali mwana mpaka imvi.

Za akazi ndiye zimafunika kuziona modekha kwambiri, chifukwa apa mpamene nkhani zamtunduwu zimakonda kunama. Netramani amaoneka ngati gwero la mavuto, mkazi amene walowa pakati pa abale okondana. Koma ukwati wa kumeneko ndi wachitengwa: mtsikana amachoka kwawo, nthawi zambiri ali wamng'ono, n'kukalowa m'nyumba ya apongozi kumene amakhala wotsiriza pa onse. Pansi pa malamulo a nthawi imeneyo mkazi analibe gawo lakelake m'munda wa makolo ake kapena wa banja la mwamuna wake. Chimene akanadalira chinali gawo la mwamunayo basi. Tsono mkazi wa mng'ono, amene akuona kuti nkhokwe ili m'manja mwa mlamu wake, moto uli m'manja mwa mkazi wa mlamuyo, ndipo mwamuna wake alibe mawu, angateteze bwanji tsogolo lake? Njira imene malamulo anamusiyira inali imodzi, kukankha mwamuna wake kuti atenge gawo lake. Nsanje yake ndi yoona ndipo lilime lake limapweteka, koma mantha amene ali pansi pa nsanjeyo si opusa. Harabou naye ali ndi mlandu wake wosamveka. Amayamikiridwa chifukwa chotsatira mwamuna wake, koma amene wagwira nyumba imeneyo zaka zonsezi ndi iyeyo, ndipo tsiku lochoka akutuluka ndi ana popanda chimene angati n'chake. Baraju akupereka theka lake, inde, koma m'theka limenelo munali thukuta la mkazi wake ndi chakudya cha ana ake. Kupatsa kumakoma pakamwa pa wopatsayo ngati chimene akupereka n'chake yekha, ndipo apa sichinali chake yekha.

Hari Mishra ndi woipa, palibe chomuikira kumbuyo. Koma anthu ngati iyeyu sanagwe kumwamba. Kale mu 1902, Fakir Mohan Senapati anatulutsa Chha Mana Atha Guntha, buku lofotokoza mmene mwini malo Ramachandra Mangaraj analandira kamunda ka banja losauka la oluka nsalu, Bhagia ndi Saria, powakola ndi ngongole ya chikole. Pansi pa ulamuliro wa Angerezi nthaka inali itasanduka chinthu cholembedwa papepala, chokhomeredwa msonkho wa ndalama, chogulitsika ndi cholandika kukhoti, ndipo m'mudzi uliwonse munapezeka munthu wodziwa mapepala amene ankadya pa umbuli wa anzake. Anthu a ku Odisha analinso asanaiwale njala ya 1866, imene inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni m'chigawochi. Mrinal Sen anaonjezerapo china: anaika nkhani ya abale awiriwa m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1942 asilikali a Japan analanda mzinda wa Rangoon ku Burma, mpunga wa ku Burma unasiya kubwera ku India, anthu ambiri a ku Odisha amene ankagwira ntchito ku Burma anabwerera kwawo chimanjamanja, ndipo mitengo ya zinthu inakwera koopsa. Mu 1943 njala inapha anthu oposa 2 miliyoni ku Bengal ndipo inakhudzanso madera a m'mphepete mwa nyanja a Odisha. Sen anali atapanga kale filimu yokhudza njala imeneyi, Baishey Shravana, mu 1960. Nthawi yotere amene ali ndi mpunga wosunga ndi ndalama zokongoza amalemera m'chaka chimodzi, ndipo mnyamata wa m'mudzi amaona ndi maso ake kuti ndalama zikuyenda kwina, osati m'munda wa bambo ake. Poika nkhondo kuseri kwa nkhaniyi, Sen akutichotsa pa funso lakuti ndani ananong'oneza ndani n'kutiika pa funso lakuti n'chifukwa chiyani kunong'onezako kunamveka.

Wina angatsutse kuti ndikupeputsa nzeru za nkhalamba ija, chifukwa kugawa minda kwasaukitsadi alimi a ku India. Mawu amenewa ali ndi umboni wamphamvu. Kalembera wa zaulimi wa dzikolo akuonetsa kuti mu 1970-71 munda wa mlimi mmodzi unali wa mahekitala 2.28 tikatengera pakatikati, koma pofika 2015-16 unali utatsika kufika pa 1.08, ndipo ku Odisha unali wosakwana hekitala imodzi. M'badwo uliwonse ukagawana, timinda timachepa mpaka kufika poti sitingadyetse ng'ombe ziwiri zokoka pulawo. Boma la Odisha lenilenilo linakhazikitsa lamulo mu 1972 lofuna kuphatikiza timinda tomwazikana ndi kuletsa kuduladula nthaka. Choncho Shama Pradhan anaona patali. Koma kuona vuto si kupeza mankhwala ake. Minda imachepa chifukwa anthu akuchuluka pa nthaka yosakula ndipo ntchito zina kulibe. Kuletsa kugawa sikuchepetsa pakamwa pofuna kudya, kumangobisa kuchepako m'nyumba imodzi mpaka tsiku limene kudzaphulike. Kumene munda wakhala wathunthu, kawirikawiri n'chifukwa chakuti wina wachoka, monga mmene anthu ambirimbiri a m'boma la Ganjam amapitira ku Surat, ku Gujarat, kukagwira ntchito pa makina oluka nsalu. Nkhalambayo inalamula kuti munda usagawidwe, koma siinanene mmene zokolola zizigawidwira, amene azisunga ndalama, kapena chimene mng'ono angachite akafuna kuyesa moyo wina. Inasiya lamulo loletsa popanda dongosolo lokhalira limodzi, ndipo lamulo lotero limalemera kwambiri pa amene alibe mawu.

Kutsutsa kwina n'kozama kuposa kumeneku, ndipo sindikufuna kukupeputsa. Akuti ndikuyeza ndi sikelo ya msika chinthu chimene si cha pamsika. Baraju sankafuna kupambana mlandu, ankafuna kupulumutsa mtima wa mng'ono wake, ndipo anaupulumutsadi, pakuti Chhakadi analapa. Kukhoti akanapeza theka la munda ndi mdani wa moyo wonse; podzimana anapeza mbale wake. Umu ndi mmene Gandhi ankaphunzitsira, kuti kuvutika modzipereka kumasungunula mtima wa wokulakwira, ndipo ifenso timati chibale ndi fupa sichiola. Ndikuvomera kuti misozi ya Chhakadi ndi yeniyeni, ndipo aliyense amene anaonapo abale akutha chuma chonse pa maloya chifukwa cha kachigawo ka munda adziwa kuti chimene Baraju anapewa si chaching'ono. Koma ngati cholinga chinali kubweza mtima wa mng'ono, n'chifukwa chiyani akukana kubwerera mtimawo utabwerera? Pamenepo kudzimana kwasiya kukhala njira yokonzera banja, kwasanduka chinthu chimene mwini wake sakufunanso kuchisiya. Tingayerekezenso ndi ophunzira a Gandhi enieni. Mu 1951 Vinoba Bhave anayamba ntchito ya Bhoodan, kuyenda wapansi m'midzi kupempha eni malo kuti apereke gawo la nthaka yawo kwa opanda minda. Ku Odisha ntchitoyi inalandiridwa kwambiri, moti Nabakrushna Choudhury anatula pansi udindo wa nduna yaikulu ya chigawochi mu 1956 n'kudzipereka ku ntchito zotere. Bhoodan inali ndi zofooka zake, pakuti malo ambiri operekedwa anali osalimika kapena a mikangano, koma njira ya mphatsoyo inali yomveka: kuchoka kwa amene ali ndi zambiri kupita kwa amene alibe. Mphatso ya Baraju ikuyenda chobwerera. Ikupita kwa munthu amene anali kale ndi theka, ndipo ikuonjezera banja limodzi pa chiwerengero cha opanda minda.

Palinso amene anganene kuti kuwerenga kotereku si kwa Panigrahi, ndi kwa Sen, mlendo wa ku Bengal wokonda maganizo a Marx, amene anatenga buku lokondedwa la anthu ena n'kulipotoza. N'zoona kuti Sen, amene anabadwira ku Faridpur mu 1923 n'kumwalira ku Kolkata (Calcutta) mu 2018, sanali wa Gandhi, ndipo mafilimu ake a pambuyo pake monga Interview, Calcutta 71 ndi Padatik ndi a ndale zowawa. N'zoonanso kuti amamumvera chisoni Chhakadi kuposa mmene owerenga bukuli anazolowerera. Koma maganizo amenewa sanali achilendo ku Odisha, ngakhale m'nyumba ya Panigrahi momwe. Mng'ono wake wa Kalindi Charan, Bhagabati Charan Panigrahi, anali mmodzi mwa oyambitsa chipani cha Chikomyunisiti m'chigawochi, ndipo nkhani yake yaifupi, Shikar, ndi imene Sen anadzaisandutsa filimu ya Mrigayaa mu 1976. Mkangano wa pakati pa kudzimana ndi kufuna chilungamo pa chuma unali wa anthu a ku Odisha eni ake Sen asanafike. Ndiponso zonse zimene ndatchula, kuchoka kwa Baraju, kusowa mawu kwa mng'ono, kusafunsidwa kwa akazi, zili m'mafupa a nkhani imene Panigrahi analemba. Wolemba wabwino amaika m'buku zambiri kuposa zimene iye mwini akufuna kuphunzitsa. Chimene tiyenera kupewa ndi kungotembenuza mbale, kumuyesa Chhakadi ngwazi ndi Baraju chitsiru. Chhakadi alibe pulani, akufuna gawo lake koma sakudziwa chimene adzachite nalo, ndipo ufulu wake ukhoza kuthera m'thumba la Hari Mishra. Baraju ndi munthu wabwino zedi, ndipo filimuyi imawawa chifukwa cha chimenecho: ubwino wake wonse sukukwanira kugwira nyumba imene maziko ake asuntha.

Umboni wina wakuti vuto silinali pa woipa mmodzi unabwera kuchokera m'mafilimu a Chiodia omwewo patapita zaka 18. Mu 1984 Nirad Mohapatra anatulutsa Maya Miriga, imene anaijambula ku Puri ndi anthu oti ambiri sanali akatswiri a zisudzo, ndipo inaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes chaka chomwecho. Mmenemo mulibe munda wolimbirana, mulibe wakatapira, mulibe wonong'oneza. Muli mphunzitsi wamkulu wokalamba, Raj Kishore, amene waphunzitsa ana ake onse ndi chiyembekezo chakuti adzakhala naye pamodzi. Mwana mmodzi akupambana mayeso a ntchito zapamwamba za boma, akukwatira mkazi wa m'tauni amene sakufuna kukhala pansi pa dongosolo la m'nyumbamo, ndipo mkazi wa mwana wamkulu, amene wakhala akusenza ntchito zonse mwakachetechete, akuyamba kufunsa chifukwa chimene iye yekha ayenera kutero. Palibe amene akudana ndi mnzake, koma banja likubalalikabe. Chotsani Hari Mishra m'nkhani ya abale a Pradhan, chotsani ngakhale munda weniweniwo, mafunso otsala ndi omwewo: ndani akugwira ntchito, ndani akusunga ndalama, ndani akufunsidwa.

Malamulo a India anachedwa kufika pa mafunso amenewa, koma anafika. Lamulo la Hindu Succession Act la 1956 linapatsa akazi amasiye ndi ana aakazi ufulu wolandira gawo pa chuma cha womwalira, koma linasiya ufulu wa chibadwire pa chuma cha makolo m'manja mwa amuna okha. Mu 2005 nyumba ya malamulo inasintha zimenezi, mwana wamkazi n'kukhala ndi gawo lofanana ndi la mlongo wake kuyambira pa kubadwa, ndipo mu 2020 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Vineeta Sharma ndi Rakesh Sharma, linagamula kuti ufuluwu ulipo ngakhale bambo atamwalira 2005 isanafike. M'midzi yambiri ana aakazi amasainirabe gawo lawo kwa alongo awo poopa kudana ndi kwawo, ndipo amayamikiridwa ndi mawu omwewo amene Baraju amayamikiridwa nawo. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano pamafunika siginecha yawo. Mlimi wa ku Cuttack wa lero atafuna kuchita zimene Baraju anachita, kupereka munda wonse wa makolo kwa mng'ono wake, sangathe kutero ndi mawu ake okha, chifukwa ana ake, aamuna ndi aakazi omwe, ali ndi gawo m'mundamo limene iye alibe mphamvu yolipereka ngati mphatso.